Seva ya shopu yopikulitsa ku Limbe: dd inkati ikuthamanga koma invoisi ikukanika kuseva

Ili ndi lipoti la ntchito yomwe ndinagwira pa shopu ina yayikulu yopikulitsa katundu ku Limbe, dzina lake tilisiye. Ndalilemba motalikirapo dala chifukwa zomwe ndinapeza kumeneko ndimakumana nazo pafupipafupi, munthu kuyeza disiki ndi chida chomwe chili pafupi, kuona nambala yayikulu kapena yaying'ono, basi n'kufuna kutulutsa ndalama zambiri kutengera nambala yomwe siikukhudzana n'komwe ndi ntchito yomwe disikiyo imagwira tsiku ndi tsiku.

Seva yake inagulidwa kunja itagwirapo kale ntchito, ngati ma seva ambiri omwe timawaona m'maofesi muno. RAM 32 GB, ma disiki 4 a SAS a 10,000 rpm omangidwa mu RAID 5 (kuti azigwira ngati disiki imodzi, ndipo imodzi ikafa deta isatayike) pa kontirola (kakhadi koyendetsa ma disikiwo) yokhala ndi cache (memory yolandirira mwachangu) ya 1 GB ndi kabatire kake, Ubuntu Server, nde pamwamba pake pali sisitimu ya stoko ndi ma invoisi yomwe database yake ndi PostgreSQL. Makauntala ogulitsira ali pansi, a akaunti ali pamwamba, kompyuta ina ili kuseli komwe amakwezera katundu m'malole.

Dandaulo linali lakuti wogulitsa akadina kuti invoisi iseve, kompyuta imangoti zii, pena masekondi awiri pena kuposa pamenepo mpaka kasitomala wayamba kufunsa ngati netiweki yavutanso. M'mawa nthawi yomwe ma venda ndi eni magolosale amabwera kudzapikula ndi pomwe zinkafika povuta, mzere kufika pakhomo. Amayi ena a ku akaunti ndi omwe anandipatsa poyambira penipeni, anati "Achimwene, siichedwa nthawi zonse ayi, imagwira bwinobwino kenako imaima ngati ikupuma kenako n'kuyambanso, komanso chaka chatha sinkatero." Apa panali zinthu ziwiri, kuti kuimako kumabwera mwa nthawi yake, komanso kuti seva yomweyi ndi ma disiki omwewa inkagwira bwino kale, kutanthauza kuti china chake chinasintha panjira.

Mnyamata wawo wa IT, wolimbikira ndithu, anali atasintha kale switch ndi makebulo, palibe chinasintha. Kenako anayeza disiki ndi dd, kapulogalamu ka Linux kokopera deta, chonchi:

dd if=/dev/zero of=/data/tesiti.bin bs=1M count=1024

ndipo inamupatsa kupitirira 1 GB pa sekondi, nde iye anati ma disiki ali bho, vuto ndi pulogalamu ya ma invoisi. Mbali inayi abwana anali atayendetsa CrystalDiskMark, pulogalamu ya Windows yoyezera sipidi ya disiki, pa laputopu yawo yatsopano n'kuona cha m'ma 3400 MB/s pa mzere woyamba uja wa SEQ1M, nde iwo ankati ngati laputopu ikuposa seva katatu, tingogula NVMe (mtundu wothamanga wa SSD, disiki ya flash yopanda mbale zozungulira) yangati ya mu laputopuyi tiike mu seva nkhani ithe. Kotesheni anali atatenga kale.

Tiyambe ndi dd ija. Mukalemba fayilo ya 1 GB pa Linux yomwe ili ndi RAM 32 GB osauza dd kuti idikire, zomwe mwalembazo zimangokhala mu page cache, mu RAM, dd n'kunena kuti yamaliza pomwe disiki sinayambe n'komwe kulemba zambiri mwa izo. Nambala ija inali sipidi ya memory. Mukaonjezera conv=fdatasync kapena oflag=direct imatsika n'kufika pa zoona zake, komabe ngakhale mutatero mwangoyeza chinthu chimodzi basi, kulemba zidutswa zikuluzikulu motsatizana, pomwe database imalemba tizidutswa ta 8 KB uku ndi uku. Komanso /dev/zero ndi ma ziro okhaokha, pa disiki kapena filesystem yomwe imapanikiza deta ma ziro amapita ngati mphepo, nambala n'kukongola zabodza. Ya CrystalDiskMark nayo vuto ndi lomwelo, anthu amangoyang'ana mzere wapamwamba poti ndi umene uli ndi nambala yosangalatsa, pomwe mzere womwe umafanana ndi mmene kompyuta imamvekera ukamaigwiritsa ntchito ndi wapansi penipeni, RND4K Q1T1, wa tizidutswa ta 4 KB modumphadumpha kamodzikamodzi, womwe ngakhale pa NVMe yabwino umakhala wa ma MB makumi angapo chabe powerenga.

Ndisanayendetse tesiti iliyonse ndinayamba ndaonera seva ikugwira ntchito yake m'mawa, ndi iostat -x 5 basi, chida choonetsa mmene ma disiki akugwirira ntchito. Ndimakonda kuyambira pamenepa chifukwa palibe chomwe ukuononga ndipo ukuona katundu weniweni osati woyerekeza. Ma MB pa sekondi anali ochepa kwambiri, ngakhale flashi yakale ingakwanitse, koma w_await, nthawi yomwe kulemba kumodzi kukudikira, inkakhala pamwamba pa mamilisekondi 10 nthawi zonse ndipo pakapita mphindi zingapo inkadumpha kufika m'mahandiredi, aqu-sz, kutalika kwa mzere wa ntchito zodikira, nayo n'kufufuma. Nditayatsa log_checkpoints mu PostgreSQL zinagwirizana ndendende, kudumphako kunkabwera pomwe checkpoint ikuchitika, nthawi yomwe database imakankhira pa disiki masamba onse omwe asintha mu memory, ndipo checkpoint_timeout inali pa mphindi 5 zomwe imabwera nazo. Kupuma komwe amayi aja ankanena kunali kumeneku. Za %util ya mu iostat momwemo ndinganene pang'ono, musamaikhulupirire kwambiri pa RAID kapena SSD, ikati 100 imangotanthauza kuti nthawi yonse panali ntchito imodzi kapena kuposa, sizikutanthauza kuti chipangizocho chafika pamapeto.

Tesiti yeniyeni tinapanga usiku atatseka, bakapu itatengedwa komanso titaibwezeretsa pa kompyuta ina kuti tione kuti ikutseguka. Chida chake ndi fio, pulogalamu yoyezera ma disiki ya Jens Axboe uja amayang'anira block layer ya Linux. Chenjezo limodzi kwa omwe simunaigwiritsepo, mukaipatsa --filename=/dev/sda pa tesiti yolemba imalemba pamwamba pa chilichonse chili pamenepo osakufunsani, nde pa seva ya anthu muziipatsa foda basi. Ndinayendetsa mitundu itatu.

Yoyamba kuwerenga motsatizana, kungofuna kudziwa ngati ma disiki enieniwo ali moyo:

fio --name=seq --directory=/data/tesiti --size=8G --rw=read --bs=1M --direct=1 --ioengine=libaio --iodepth=8 --runtime=60 --time_based

Inabwera cha m'ma 500 MB/s, zomwe n'zoyenera pa ma disiki 4 amtunduwu. Palibe nkhani apa. Fayilo ndinaipanga 8 GB dala kuti ipose cache ya kontirola kutali, apo ayi mukuyezanso memory kachiwiri.

Yachiwiri kusakaniza kuwerenga ndi kulemba modumphadumpha, 8k chifukwa tsamba la PostgreSQL ndi 8 KB, akanakhala MySQL ya InnoDB ndikanaika 16k:

fio --name=rand --directory=/data/tesiti --size=8G --rw=randrw --rwmixread=70 --bs=8k --direct=1 --ioengine=libaio --iodepth=16 --runtime=120 --ramp_time=10 --time_based

Zonse pamodzi zinali cha m'ma IOPS 300, kutanthauza ntchito 300 zowerenga kapena kulemba pa sekondi. Mutha kuiwerengera pa pepala musanayeze n'komwe. Disiki imodzi ya 10,000 rpm imakwanitsa pafupifupi 140 pa ntchito yodumphadumpha, ma disiki 4 ndi 560, koma mu RAID 5 kulemba kamodzi kakang'ono kumadya ntchito 4, kuwerenga deta yakale, kuwerenga parity yakale (deta yoonjezera yobwezeretsera disiki ikafa), kulemba deta yatsopano, kulemba parity yatsopano. Nde pa 70 kwa 30 mugawe 560 ndi 1.9, mupeza pafupifupi 295. Zinagwirizana moti ndinayamba kukayikira, chifukwa kontirola yomwe cache yake ikugwira ntchito imayenera kubisako mbali ya chilango chimenechi.

Yachitatu ndi yomwe inaulula zonse, ndipo ndi imene anthu ambiri sayendetsa:

fio --name=wal --directory=/data/tesiti --size=1G --rw=write --bs=8k --ioengine=sync --fdatasync=1 --runtime=60 --time_based

Iyi ikutsanzira zomwe database imachita pa commit iliyonse, pomwe ikutsimikiza kuti invoisi yasevedwa. Imalemba kachidutswa mu WAL, fayilo yomwe imalembamo kaye chilichonse chomwe chasintha, kenako imaima n'kufunsa disiki kuti zafikadi pamalo oti magetsi akathima sizisowa? Siipitirira mpaka itayankhidwa. Abwana ndinawafotokozera kuti nambala ya pa laputopu yawo ili ngati lole ya matani 30 yonyamula matumba ulendo umodzi pa M1, pomwe invoisi imafuna wakabaza woti apititse kalata imodzi, adikire asainire, abwere, atengenso ina, nde kukula kwa lole sikuthandiza kanthu pamenepo, chofunika ndi nthawi ya ulendo umodzi. Pa seva iyi ulendo umodzi unkatenga cha m'ma mamilisekondi 12, kutanthauza osafika 100 pa sekondi, ndipo pa maulendo ochedwetsetsa (99th percentile mu lipoti la fio) zinali zoipa kuposa apo. pg_test_fsync yomwe imabwera ndi PostgreSQL inanenanso zofanana.

Nambala imeneyi siyachilendo ukaiganizira. Mbale ya disiki ya 10,000 rpm imazungulira kamodzi pa mamilisekondi 6. Kuti kontirola iwerenge zakale kenako idikire malo omwewo abwerenso pansi pa mutu kuti ilembe, zapita kale mizungulo pafupifupi iwiri, ndi 12 yathu ija. Mwachidule commit iliyonse inkadikira chitsulo chizungulire. Kontirola yomwe ili pa write-back siichita zimenezo, imalandira mu memory yake n'kuyankha nthawi yomweyo kuti zatheka, poti ikudalira batire kusunga memory ija magetsi akapita, ndipo tesiti yomweyi imayenera kubwera m'masauzande. Nde osafika 100 anali kundiuza kuti cache yolembera siikugwira.

Nditaifunsa kontirola ndi chida chake, storcli /c0/vall show inatsimikiza, pa Cache panalembedwa RWTD m'malo mwa RWBD, WT imeneyo ndi write through, kudikira disiki yeniyeniyo ilembe, pomwe WB ndi write-back ija. storcli /c0/bbu show all inati batire likufunika kusintha. Titatsegula chivundikiro kabatire kanali katatupa pakati moti pulasitiki yake inayamba kung'aluka m'mbali. Kontirola inachita zomwe inapangidwira, itaona kuti batire lafa inazimitsa yokha write-back kuti iteteze deta, mwakachetechete, palibe amene ankaona uthenga wake poti seva ili m'kachipinda kokhomakhoma kopanda windo ndipo palibe amalowamo. Kachipindako ndi gawo la nkhani, eyakoni yake sili pa jenereta, nde magetsi akathima masana seva imapitiriza pa UPS ndi jenereta koma m'chipindamo mumatentha ngati mu uvuni makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mabatire a lithium amatha msanga ndi kutentha. Ma kontirola atsopanoko amagwiritsa supercapacitor ndi flash m'malo mwa batire, amapirirako, koma iyi inali yakale.

Apa panabwera njira zachidule zitatu. Mnyamata wa IT anapeza kuti ukhoza kukakamiza kontirola ikhale pa write-back ngakhale batire lafa, storcli imati AWB. Zimathekadi ndipo sipidi imabwerera pompopompo, koma ndinakana, chifukwa ndi mmene magetsi amathimira kuno komanso UPS yawo yomwe mabatire ake nawonso anali otopa, tsiku limodzi cache ija idzafufutika ili ndi zinthu zomwe database inauzidwa kuti zalembedwa, ndipo pa RAID 5 zimatha kukusiyira parity yosagwirizana ndi deta pamwamba pake. Yachiwiri fsync=off mu postgresql.conf, kuuza database kuti isamadikire disiki n'komwe, iyi nde ayi ndithu, zolemba za PostgreSQL zenizenizo zimachenjeza kuti database yonse ikhoza kuonongeka osakonzekanso. Yachitatu inali yoganizirika, synchronous_commit=off, yomwe siiononga database koma seva ikazima mwadzidzidzi mutha kutaya ma transaction omaliza a kachigawo ka sekondi. Ndinaifotokoza momwe ilili, amayi a ku akaunti anangoti "ndiye kuti kasitomala akhoza kutuluka ndi risiti m'manja, katundu wakwera, koma mu sisitimu mulibe? Ayi achimwene, bola mzere." Tinaisiya. Chomwe tinachita tsiku lomwelo n'kusuntha bakapu ya pg_dump yomwe inkayenda masana nthawi ya nkhomaliro kupita usiku, ndi kukweza max_wal_size ndi checkpoint_timeout pang'ono kuti kupuma kuja kuzibwera patalipatali. Zinapepukako koma sikunali kuchira.

Batire kuno silinapezeke, linayenera kuitanitsidwa kunja ndipo ndi nkhani ya forex mukudziwa mmene zimakhalira, nde podikira tinayeza ma SSD awiri omwe anali pa tebulo, NVMe ya wamba yomwe abwana ankafuna ndi SATA SSD ya ma seva yomwe mnzanga wina anali nazo ziwiri zochotsa mu seva ina. Zonse ndinaziyeza pa desktop imodzi, fio yomweyo, mafayilo ofanana, chifukwa kuyerekeza nambala ya Windows pa laputopu ndi ya Linux pa seva n'kudzinamiza.

Powerenga motsatizana NVMe inapambana kutalitali, pamwamba pa 3000 MB/s monga PCIe 3.0 x4 imalolera, SATA inaima cha m'ma 530 poti SATA III ndi 6 Gbit/s ndipo siingapitirire cha m'ma 550 kapena 560 zivute zitani. Abwana anamwetulira. Pa tesiti ya fdatasync zinatembenuka, NVMe inabwera m'mahandiredi angapo pa sekondi, SATA ya ma seva ija inadutsa 10,000. Chifukwa chake chili mkati mwa disiki. SSD ya ma seva imakhala ndi ma capacitor, amati power loss protection, omwe amasunga mphamvu yokwanira kumalizitsa kulemba zomwe zili mu memory yake magetsi akaduka, nde ikafunsidwa kuti zafika imatha kuyankha nthawi yomweyo mosanama. Ya wamba ilibe, imayenera kukalembadi mu flash kaye isanayankhe, ulendo uliwonse. Mahandiredi angapo akadali bwino kuposa 80 yomwe tinali nayo, zoona, koma si zomwe munthu amayembekezera akaona 3400 pa bokosi. Ndipo mukadzayeza ka SSD kotchipa kopanda dzina lodziwika n'kukupatsani nambala yayikulu zedi pa tesiti imeneyi musasangalale, nthawi zambiri ndiye kuti kakungoyankha kuti eya osalemba.

Ndinaiyendetsanso NVMe ija polemba nthawi yaitali, fayilo ya ma GB ambirimbiri osati 1 GiB yomwe CrystalDiskMark imayambira. Poyamba inkauluka, kenako pakati pa tesiti sipidi inagwa mwadzidzidzi n'kukhala pansi pomwepo mpaka kumapeto. Imeneyo ndi SLC cache yadzaza, ma SSD a TLC ndi QLC amagwiritsa gawo la flash yawo ngati malo olandirira mwachangu, likadzaza mumaona sipidi yeniyeni ya flash, ndipo disiki ikamadzaza gawo limenelo limachepa pa ma disiki ambiri. N'chifukwa chake a SNIA, bungwe la makampani a zosungira deta, mu ndondomeko yawo yoyezera ma SSD amati uyambe wailemba disiki mpaka nambala zikhazikike usanayambe kulemba zotsatira, disiki yatsopano yopanda kanthu imadzionetsa bwino kuposa mmene idzakhalire pakatha miyezi. nvme smart-log inaonetsanso kutentha kukukwera kupitirira madigiri 70 ilibe heatsink, nde ganizirani m'kachipinda kaja eyakoni itazima. SATA ija graph yake inali yotopetsa kuiona, mzere umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pa seva ine ndimafuna zotopetsa zomwezo.

Sindikunena kuti NVMe ya wamba ndi yoipa, pa laputopu kapena kwa anzathu okonza mavidiyo a maukwati omwe amakoka mafayilo akuluakulu ndi yomweyo yofunika. Ziliponso NVMe za ma seva zokhala ndi ma capacitor zomwe zimaposa SATA pa zonse, kungoti seva iyi ilibe malo ake kutsogolo ndipo mtengo wake unali wina.

Poti ma SATA awiri aja anali ogwirapo ntchito ndinawaona kaye ndi smartctl -a, maola omwe ayenda, kuchuluka kwa zomwe zalembedwapo, chizindikiro cha kutha kwa flash ndi ma sector osunthidwa, onse anali ndi moyo wambiri. Akakhala kuseri kwa kontirola smartctl siiwaona mwachindunji, mumafunika kuonjezera -d megaraid ndi nambala ya disikiyo. Tinawaika mu mabeyi awiri omwe anali opanda kanthu ngati RAID 1, onse awiri kusunga zofanana, n'kusiya gawo lina la disiki osaligawa chifukwa ma kontirola akale ngati iyi sadutsitsa TRIM (uthenga wouza SSD malo omwe sakugwiranso ntchito), kenako Loweruka madzulo tinaimitsa PostgreSQL, kukopera data directory yonse ndi rsync, kusintha njira, kuyatsa. RAID 5 ija inatsala ya mafayilo a ofesi ndi mabakapu, ntchito yomwe 500 MB/s yake imathandizadi.

Tesiti ya fdatasync pa malo atsopanowo, kudzera mu kontirola, inabwera m'masauzande angapo, yotsikirapo poyerekeza ndi pa desktop paja poti kontirola nayo imadya kanthawi kake, koma w_await m'mawa wa Lolemba inali pansi pa milisekondi imodzi ndipo checkpoint ikamadutsa sinkaonekanso pa kauntala. Lipoti la kumapeto kwa mwezi lomwe a akaunti ankaliyambitsa n'kupita kukamwa tiyi linafulumiranso, ngakhale limenelo mbali ina linkachedwa chifukwa cha query yopanda index, yomwe ndi nkhani ya opanga pulogalamuyo ndipo ndinawalembera padera. Batire litafika tinaliika, linatenga maola likudzitchaja ndi kupanga learn cycle yake, kenako RAID 5 inabwerera yokha pa RWBD ndipo tesiti ija yomwe inkapereka osafika 100 inakwera kufika m'masauzande pa ma disiki akale omwewo. Kunena chilungamo batire lokhalo likanathetsa dandaulo loyamba lija, ma SSD anangopangitsa kuti database isamadalirenso kabatire kamodzi.

Ndinawasiyira fayilo ya fio yokhala ndi ma tesiti atatu aja pamodzi ndi zotsatira za tsiku limenelo kuti akadzakayikiranso adzakhale ndi poyerekezera, komanso ka script kodziyendetsa kokha mu cron komwe kamayendetsa storcli m'mawa uliwonse n'kutumiza imelo kakaona WT pomwe payenera kukhala WB kapena disiki ikatuluka mu RAID. Zomwe sizinachitike mpaka pano ndi mabatire a UPS ndi kulumikiza eyakoni ku jenereta, zonse zili mu lipoti lomwe ndinapereka kwa abwana ndi mitengo yake, anati tidzaziona stock taking ikadutsa.